Terra cotta ya zipatala zakale isaphwanyidwe

Akonzi,

Zokongoletsa za terra cotta, dothi loumba n'kuotcha, zisamagwere limodzi ndi makoma a zipatala zakale. Ku Chicago, mzinda wa ku America, chipatala cha Cook County cha 1914 chinatsekedwa mu 2002, koma atakonza zokongoletsa zake nyumbayo inatsegulidwanso mu 2020 ngati hotela.

Chimene chimaziwononga kwambiri ndi dzimbiri. Zidutswazi n'zamphako kumbuyo, zokoloweka pa ngowe zachitsulo. Madzi akalowa m'mizere ya simenti, chitsulo chimafufuma ndi dzimbiri, dothi n'kung'ambika. Pochotsa, nyundo ayi: amacheka simenti ya m'mizere, kudula ngowe, kenako kulemba nambala pa chidutswa chilichonse. Poumba cholowa m'malo, chikombole chizikulirapo, chifukwa dothi limachepa pouma ndi pootcha.

Akuluakulu a mizinda asamapereke chilolezo chogwetsa asanaone zithunzi, kaundula wa zidutswazi ndi malo ofolera ozisungiramo.

Mmisiri wa zomangamanga