Kalata kwa Mavuto, za mwana wako ndi za Ignashevich

Mnzanga Mavuto,

Ndikhulupirira kuti muli bwino nonse ku Johannesburg. Kuno tili bwino, kungoti kutentha kwafika posauzana.

Uthenga wako uja wandikhudza. Ukuti mwana wako anadzigoletsa Loweruka, ndiye akukana kubwerera ku timu. Usamukalipire. Umukhazike pansi, umuuze za mdala uja tinamuonera limodzi kuvidiyo mu 2018, Sergei Ignashevich wa ku Russia.

Ukukumbuka? Pa 1 July, pa bwalo la Luzhniki ku Moscow, Russia ikusewera ndi Spain mu World Cup. Mphindi ya 12 akulimbana ndi Sergio Ramos, onse anagwa, mpira unamumenya kumwendo n'kulowa mu golo lake lomwe. Munthu wa zaka 38, amene anali atasiya kale timu ya dziko n'kuchita kuitanidwanso, kukachita zimenezo pamaso pa anthu akwawo! Koma anamaliza mphindi zonse 120 ali chilili kumbuyo, Spain osagoletsanso. Dzyuba atabweza chigoli, masewero anakathera ku mapenate, ndipo mdala yemweyo anapita kukamenya yake, nachinya. Ine pamenepo ndi pomwe ndinamupatsa ulemu. Anthu amakumbukira phazi la goloboyi Akinfeev lomwe linatchinga penate yomaliza ya Spain, koma ine ndimakumbukira iyeyo akuyenda kupita pa mpira. Ndi Croatia ku Sochi anachinyanso penate, timu inatuluka, iye n'kusiya mpira.

Sikuti anali wongotoledwa. Anatenga ligi ndi Lokomotiv mu 2002, kenako anakhala zaka 14 ku CSKA Moscow, akutchinga limodzi ndi mapasa aja a Berezutski. Mu 2005 anatenga nawo chikho cha UEFA atagonjetsa Sporting 3-1 pakwawo pomwe ku Lisbon. Timu ya dziko anaisewerera masewero 127.

Za uphunzitsi wake ndiye mwina sunazitsatire. Anayambira pansi, kuthandizira ku timu ya achinyamata ya CSKA, kenako Torpedo Moscow mu 2019. Mu 2021 anapita ku Baltika ya ku Kaliningrad, kachigawo ka Russia kopanikizika pakati pa Poland ndi Lithuania. Timu imeneyo inali isanaonenso ligi yaikulu kuyambira 1998, iye anailowetsamo mu 2023. Chaka chotsatira inatulukanso, komabe inafika mu fainolo ya chikho cha dziko. Anatsogola ndi chigoli chimodzi, Zenit n'kuwagoletsa ziwiri kumapeto. Zinandipweteka ngati ndine wa komweko.

Mwanayo umuonetse masewero a Spain aja pa YouTube, osati chigoli chokhacho, koma mpaka mapenate. Ukatero undiuze zomwe wanena. Ngati nsapato zake zamuchepera undidziwitse saizi, ndiona chochita.

Upereke moni kwa alamu. Amayi ako ndinawaona kumsika sabata yatha, ali bwino.

Ndine mnzako,
Chikondi