Lipoti la Msonkhano wa Maphunziro a PhD mu Sayansi ya Masewera Olimbitsa Thupi

A Wapampando ndi mamembala nonse, munandituma kukamva za njira zopezera digiri yapamwamba ya udokotala wa maphunziro pa kinesiology, yomwe ndi sayansi ya kayendedwe ka thupi. Ndinakhalapo masiku onse atatu, ndipo malisiti a alawansi ali kwa a msungichuma.

Tsiku loyamba linathera m'malonje ndi zokamba za akuluakulu. Choti tigwire n'chakuti madigiriwa ndi osiyana. PhD ndi ya kafukufuku, EdD ndi ya otsogolera maphunziro, pamene DPT ya ku America, ya zaka 3, imasula wothandiza odwala pa fiziyotherapi, osati wofufuza. Ku America PhD imatenga zaka 4 kapena 5: ziwiri m'kalasi, kenako mayeso aakulu, kenako kafukufuku. Ambiri kumeneko amalipiriridwa fizi posinthana ndi maola 20 pa sabata ophunzitsa kapena ogwira ntchito mu labu. Ku Britain, monga ku yunivesite ya Loughborough, ndi zaka 3 kapena 4, ndipo munthu amalowa pulani ya kafukufuku ili m'manja. Ku Norway wophunzira PhD amalembedwa ntchito n'kumalandira malipiro.

Chomwe chinandigwira mtima ndi tsiku lachiwiri mu labu, pomwe anationetsa kuyeza VO2max, kutanthauza okosijeni wochuluka amene thupi lingagwiritse ntchito munthu akuthamanga mpaka mphamvu zitatha. Makina oyezera mpweya amayamba ayatsidwa kaye kuti atenthe. Kenako amawachuna ndi sirinji ya malita 3 komanso gasi wa m'botolo amene mlingo wake umadziwika kale. Woyezedwayo amavala chophimba kukamwa ndi mphuno, ndipo liwiro la makina othamangirapo limakwezedwa pang'onopang'ono kuti atope pakati pa mphindi 8 ndi 12. Akatopa msanga, nthawi zambiri ndi miyendo yomwe yagonja mtima usanafike pachimake. Chophimbacho chikamatayitsa mpweya m'mbali mwa mphuno thukuta litayamba, manambala amatsika, ndipo ntchito ya tsiku lonse imalowa m'madzi.

Apa ndi pomwe ndikusiyana ndi chigamulo cha komiti yathu choti tizithandiza okhawo amene atengedwa ku mayunivesite otchuka. PhD imayenda ndi woyang'anira kafukufuku, labu ndi ndalama, osati dzina la pageti. Wofuna biomechanics, yomwe imayeza mphamvu ndi kayendedwe ka ziwalo za thupi, afunse ngati kuli makamera ojambula kayendedwe ndi mbale zoyeza mphamvu ya phazi. Afunsenso kuti woyang'anirayo wamalizitsa ophunzira angati, ndipo ndalama zake zitha liti. Ambiri amakakamira chaka chachitatu chifukwa thandizo latha, woyang'anira wasamuka, kapena chilolezo cha komiti yoona za ufulu wa oyezedwa chachedwa miyezi. Mayunivesite a Cape Town ndi Stellenbosch ku South Africa ali ndi mapulogalamu amenewa, koma pa mndandanda wathu palibe. Chifukwa chiyani?

Ndipo ndinene pompano: makina athu oyezera mpweya akadali m'bokosi chifukwa gasi wowachunira sanagulidwe. Nkhaniyi yalembedwa m'maminitsi kawiri popanda yankho. Amene tiwatumize akadzabwera adzagwira ntchito ndi chiyani?

Gawo la ma visa ndi mayeso a Chingerezi a IELTS linali zomwe tikudziwa kale.

Kafukufuku amene tingamuthe ngakhale lero ndi woyeza mmene anthu amagwiritsira ntchito matupi awo tsiku ndi tsiku. Kachipangizo ka accelerometer, koyeza mmene munthu akuyendetsera thupi, kamavalidwa m'chiuno masiku 7, ndipo kawirikawiri tsiku limawerengedwa ngati kavalidwa maola 10. Zotsatira zake zimayerekezedwa ndi malangizo a 2020 a bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, a mphindi 150 mpaka 300 pa sabata zolimbitsa thupi mwapakatikati kwa akuluakulu. Ndikupempha kuti pa msonkhano ukubwerawu tibwererenso ku chigamulo chija, ndiponso a komiti atiuze tsiku limene gasi adzagulidwe.