Kalata yochokera ku Fukui: mabwinja a Ichijodani

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine kuno ku Japan ndili bwino, ndipo ndalemba kalatayi kuti ndikusimbireni za mabwinja a Ichijodani, m'chigawo cha Fukui, amene ndinakawaona posachedwapa, poti ndikudziwa kuti nkhani za makedzana zimakufikani pamtima.

Malowa ali m'chigwa chopapatiza, mapiri uku ndi uku, ndipo kuchokera mumzinda wa Fukui ndi ulendo wa mphindi pafupifupi 15 pa sitima. M'chigwa chimenechi ndimo munali likulu la banja la Asakura, lomwe linalamulira dera la Echizen (lomwe lero ndi mbali ya chigawo cha Fukui) kwa zaka 103, kuyambira mu 1471 mpaka mu 1573, mafumu asanu motsatizana. Panthawiyo mzinda wa Kyoto unali utasakazidwa ndi nkhondo ya Onin, choncho anthu ophunzira, alakatuli ndi ansembe achibuda ambiri ankathawira kwa a Asakura, mpaka mudziwo unakula n'kukhala mzinda wa anthu pafupifupi 10,000. Ngakhale Ashikaga Yoshiaki anabisalako kumeneku asanalongedwe ufumu wa shogun (mkulu wa asilikali wolamulira dziko la Japan) mu 1568.

Linga lankhondo linali pamwamba pa phiri, koma mfumu, asilikali ake otchedwa samurai, amisiri ndi amalonda onse ankakhala m'chigwa, pakati pa zipata ziwiri zotalikirana makilomita 1.7. Pachipata chakumunsi, cha Shimokido, miyala yake ikadalipo, ina yaitali kuposa munthu, ndipo anaisanja mokhotetsa njira kuti mdani asaone zam'kati ndiponso asalowe mothamanga. Nzeru zonsezi sizinapulumutse mzindawo. Mu 1573 mtsogoleri wina wankhondo, Oda Nobunaga, anagonjetsa asilikali a Asakura Yoshikage, mfumu yomaliza, amene anathawira ku Ono, kumene mbale wake Kageakira anamupereka, Yoshikageyo n'kudzipha. Asilikali a Nobunaga anayatsa mzinda wonse, ndipo akuti motowo unayaka masiku atatu.

Chimene chinandikhudza kwambiri, achimwene, n'chakuti mzindawu unasungika chifukwa choti unatayidwa. Olamulira atsopano anakamanga likulu lawo ku Kitanosho, pamene pali mzinda wa Fukui lero, ndipo chigwa chija chinasanduka minda ya mpunga. Kwa zaka pafupifupi 400 alimi ankabzala ndi kukolola pamwamba pa misewu, zitsime ndi maziko a nyumba, dothi litafunditsa zonsezo. Ntchito yofukula inayamba mu 1967, kenaka mu 1971 boma linaika mahekitala 278 m'gulu la malo apadera a mbiri yakale, ndipo zinthu zimene zatuluka m'nthaka zaposa 1.7 miliyoni.

Alendo ambiri amathamangira kukajambulitsa pachipata chokongola cha Karamon, chomwe chili pakhomo pa bwinja la nyumba ya mfumu, ngakhale kuti chipatacho chinamangidwa pambuyo pake pokumbukira Yoshikage. Minda ya miyala ya banja lachifumu, makamaka wa Suwa, ndi yochititsa kaso ndithu, miyala yake ili chiimire pamene anaiika eni ake. Komabe ine mtima wanga unatsalira kumbali ya anthu wamba. Kumeneko munthu umayenda pakati pa maziko a tinyumba tating'ono tothithikana m'mbali mwa msewu, ndipo pafupifupi pakhomo paliponse pali chitsime chake chowaka ndi miyala mozungulira, ndiponso dzenje la chimbudzi kuseri. M'nyumba ina mitsuko ikuluikulu yadothi anaikwirira pansi mpaka m'khosi, m'mizeremizere, ndipo akatswiri amati mwina mwini wake anali wonika nsalu. Ndinaima nthawi yaitali ndikuyang'ana kukamwa kwa mitsukoyo, ndikuganizira za munthu amene ankawerama pamenepo tsiku ndi tsiku, yemwe mkangano wa mafumu sunali wake, koma moto sunamusiye. Pabwinja lina anapezapo tizidutswa topserera ta buku la mankhwala la ku China, umboni wakuti munkakhala dokotala wowerenga, ndipo kwina anapezako timatabwa tamasewera a shogi, ofanana ndi chess.

Msewu umodzi, wotalika mamita pafupifupi 200, anaumanganso pa maziko akale omwewo, ndi mipanda yadothi ya nyumba za samurai mbali ina, nyumba za amalonda mbali inayo. Madenga ake ndi amatabwa opsinjidwa ndi miyala, monga tichitira ndi malata kwathu poopa mphepo. Ine ndiona kuti anachita bwino kumanga kachigawo kokhako n'kusiya kwina konse kuli mbee, chifukwa nyumba zomangidwanso zimakuphunzitsa mmene mzindawo unkaonekera, pamene maziko opanda kanthu ndiwo amakuuza kukula kwa chimene chinawonongedwa.

Zambiri zimene anafukula zikusungidwa m'nyumba yatsopano yoonetsera zinthu zakale, imene inatsegulidwa mu 2022 pafupi ndi siteshoni ya Ichijodani. Mukadzakwanitsa kubwera kuno, tidzayambire m'nyumbamo kenaka tidzayende chigwa chonse wapansi, ndipo tidzalawire m'mamawa chifukwa sitima za njira imeneyi ndi zochepa patsiku. Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana, ndipo mundiyankhe msanga.

Ndine mnzanu,
Limbani