Kalata kwa makolo: za ndowa ya malaya imene tinaipeza pampopi

Okondedwa makolo ndi nonse amene mukusunga ana athu,

Moni m'dzina la Ambuye wathu Yesu Khristu. Tikuyamika Mulungu kuti watifikitsa kumapeto kwa teremu ino, ndipo tikuthokoza inu potikhulupirira ndi ana anu. Malipoti tawapatsira anawo. Chonde muwaone ndi maso anu, musangomva za m'kamwa mwawo.

Ndikanakonda kuyamba ndi zabwino monga ndimachitira, koma mtima sukundilola. Ambiri mwa inu mwamva kale mphekesera, ndipo nkhani yoyenda pakamwa imafika itasintha. Ndiloleni ndikuuzeni ndekha.

Pakati pa teremu, tsiku lina m'mamawa, alonda athu ausiku atatsala pang'ono kuweruka anapeza mnyamata wa Fomu 1 atagona pasimenti pafupi ndi mpopi wa kuseri kwa malo ogona anyamata. Thupi linali moto, akunjenjemera, milomo itauma. Pambali pake panali ndowa yodzaza malaya onyikidwa m'madzi a sopo. Alondawo ndi bambo achikulire, amene ana ambiri amangowadutsa osawapatsa ndi moni womwe. Anavula jekete lawo, kumufunditsa mwanayo, n'kumubereka mpaka kunyumba kwa aphunzitsi oyang'anira malo ogona. Kuchipatala anamugoneka masiku atatu. Pano wachira, ndipo mayeso walemba limodzi ndi anzake.

Ndowa ija anaibweretsa ku ofesi kwanga. Mukudziwa lamulo lathu lakuti chovala chilichonse chilembedwe dzina pakolala. Ndinatulutsa malayawo amodziamodzi, madzi akudonthera patebulo, n'kumawerenga maina. Panalibe ndi amodzi omwe a mwini wodwalayo. Maina anali anayi, onse a anyamata a Fomu 4. Awiri mwa iwo ndi atsogoleri a ophunzira amene tinawaveka udindo ife tomwe, ndipo mmodzi ndiye amayambitsa nyimbo m'chapelo Lamlungu.

Titafufuza tinapeza kuti zimenezi zinayamba sabata zoyambirira za teremu. Aliyense wa anayiwo anali ndi kamnyamata kake komuchapira, komupolishira nsapato, komuyalira bedi. Wodwalayo anawauza usiku kuti mutu ukumuwawa, iwo akuti ayambe wamaliza kaye kuchapa. Koma chimene chandisowetsa tulo si anayiwo ayi. Njira yodutsa pampopipo ndi yomwe ana amadzera popita ku mapemphero a m'mawa. Tsiku limenelo anadutsapo angapo, Baibulo lili kukhwapa, ndipo anamuona. Nditawafunsa, wina anati ankaganiza kuti ena akanena kale. Wina anati akanachedwa kumapemphero. Ameneyu ndinamupatsa Baibulo lake lomwelo kuti awerenge mokweza Luka 10, nkhani ya munthu amene achifwamba anamusiya ali thapsa pa njira yotsika ku Yerusalemu kupita ku Yeriko. Anawerenga za wansembe wolambalala, atafika pa Mlevi mawu anamuthera. Sindinawonjezerepo kanthu.

Anyamata anayi aja tinawaimitsa sukulu kwa sabata ziwiri, tinawavula maudindo, ndipo anabwerera ndi makolo awo. Chigamulochi chinadutsa mu komiti yosungitsa mwambo, ndipo sitichisintha. Ndikunenanso poyera kuti wina aliyense amene adzapezeke akugwiritsa mnzake ntchito ngati kapolo teremu ikubwerayi, adzapita kwawo osabweranso. Izi si zoopseza.

Komabe, makolo anzanga, chilango chokha sichingachize nthendayi, ndipo apa ndiye pamene ndikukupemphani thandizo. Mwa makolo anayi amene anabwera, mayi mmodzi analira, napempha kuti akaone mwana wodwalayo kuti apepese yekha. Ndinawalemekeza kwambiri. Koma bambo ena anandiuza kuti palibe chachilendo, iwonso anachapirapo akuluakulu ali kusekondale, ndipo ndi mmene mwana amakhwimira. Ndinawayankha kuti inenso ndinachapirapo, ndipo chimene ndinaphunzira sichinali kukhwima. Ndinaphunzira kudikira chaka changa kuti nanenso ndidzapeze wondichapira.

Kuwonjezera apo, patebulo panga pali makalata ochokera kwa ena a inu opempha kuti ana anu asamapite nawo ku utumiki wa Loweruka, pamene ophunzira amakathandiza okalamba ozungulira sukulu, kusesa pabwalo la chipatala, ndi kuphunzitsa ana a kupulaimale kuwerenga. Kalata ina ikuti fizi imalipiridwa kuti mwana aphunzire, osati azikasesa kwa anthu. Ndikumvetsa kumene mawuwa akuchokera. Fizi simuitola pansi, ndipo kholo lililonse limafuna mwana wake adzakhale pabwino. Koma makalatawa ndi ndowa ija ndinaziika pamodzi, chifukwa kwa ine zikunena chinthu chimodzi: kuti munthu wopambana ndi amene ena amamugwirira ntchito, ndipo kugwirira wina ntchito n'kutsika.

Maganizo amenewa si atsopano, ndipo si a anthu oipa okha. Pa Mateyu 20 timawerenga za mayi wa ana a Zebedayo, amene anabwera kwa Yesu ndi Yakobo ndi Yohane, nagwada, kupempha kuti mu ufumu wake mwana wina adzakhale kudzanja lamanja, wina kulamanzere. Mayi wokonda ana ake, ngati inu ndi ine. Ophunzira khumi enawo atamva anapsa mtima, ndipo ndikukayika ngati chinawakwiyitsa chinali china kupatula kuti mipandoyo ankaifunanso. Yesu anawaitana onse n'kuwauza kuti olamulira a anthu akunja amapondereza anthu awo, koma pakati pa iwo zisatero: wofuna kukhala wamkulu akhale mtumiki, pakuti Mwana wa Munthu sanabwere kudzatumikiridwa koma kudzatumikira. Phunzirolo silinalowe msanga. Luka 22 akutiuza kuti ngakhale pa mgonero womaliza anali akukanganabe za yemwe ali wamkulu. Usiku womwewo, monga Yohane 13 akufotokozera, Yesu ananyamuka, kuvula chovala chake chakunja, kudzimanga chopukutira m'chiuno, kuthira madzi m'beseni, n'kuyamba kusambitsa mapazi awo. Imeneyo inali ntchito ya wantchito wotsikitsitsa m'nyumba, n'chifukwa chake Petro anayamba wakana. M'chipinda chimenecho munali beseni, kuseri kwa malo athu ogona kunali ndowa. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko anawerama ndi wamkulu, kuno tinaweramitsa wamng'ono, wodwalanso.

Sukulu ino ndi ya Chikhristu, ndipo munadziwa zimenezi pamene munkasaina fomu yolembetsera mwana. Tikamanena kuti tikufuna mwana adziwe cholinga cha moyo wake, sitikunena za ntchito yokha imene adzagwire. Chaka chilichonse ana a Fomu 4 amabwera ku ofesi kwanga kudzafunsa maphunziro oti adzasankhe akamaliza kuno. Funso lawo loyamba limakhala lakuti ndi ntchito iti ya malipiro ambiri. Silolakwika, ndipo ndimawayankha. Kenako ndimawafunsa kuti ntchitoyo idzathandiza yani. Ambiri amangoyang'ana pansi, chifukwa palibe anawafunsapo. Paulo pa Aefeso 2:10 akuti tinalengedwa mwa Khristu Yesu kuti tichite ntchito zabwino zimene Mulungu anatikonzeratu. Petro m'kalata yake yoyamba, 4:10, akuti aliyense atumikire anzake ndi mphatso imene analandira. Mwana wanu wa masamu uja, wa mawu okoma uja, wa manja aluso uja, mphatsoyo anapatsidwa kuti ikafike kwa wina. Akapanda kuzindikira zimenezi ali pano, tidzatulutsa dokotala wokalipira odwala ndi mkulu wa ofesi wosunga pempho la mayi wamasiye m'dirowa mpaka atalandira kangachepe. Satifiketi yawo idzakhala yabwino, ndipo dzina la sukulu ino lidzakhala pamenepo.

Lamlungu lotsatira zitachitika izi, abusa athu anawafotokozera ana za Damien, wansembe wa ku Belgium amene mu 1873 anadzipereka kukakhala pachilumba cha Molokai ku Hawaii, kumene boma linkatumiza odwala khate kuti atalikirane ndi anthu. Sanapite kukalalikira kokha. Ankatsuka mabala, kumanga nyumba, kukhoma mabokosi a maliro ndi kukumba manda. Patapita zaka nayenso anadwala khate, ndipo anamwalira komweko mu 1889 ali ndi zaka 49. Ana anamvetsera ali chete, koma ndinaopa kuti aganiza kuti utumiki ndi wa anthu apaderadera opita kuzilumba zakutali. Ndiye nditaimirira ndinawakumbutsa za Dorika wa ku Yopa, pa Machitidwe 9. Sitimva kuti analalikirapo. Atamwalira, amayi amasiye anaima mozungulira Petro akulira, akumuonetsa malaya ndi zovala zimene ankawasokera. Umboni wake wonse unali singano ndi ulusi. Kenako ndinaitana alonda athu aja kutsogolo. Anabwera mwamanyazi, chipewa chili m'manja, osadziwa poyang'ana. Sukulu yonse inaimirira.

Ndisakunamizeni kuti vuto lili kwa ana ndi makolo okha. Ifenso aphunzitsi talakwa. Kwa zaka zambiri, mwana akachedwa timamupatsa tsache, akalongolola m'kalasi timamupatsa mopu, akathawa phunziro timamutumiza kuzimbudzi. Pamenepo tamuphunzitsa tokha kuti ntchito yotumikira ena ndi ya olakwa. Nanga tikudabwa chiyani akakula n'kumaithawa, kapena kuikankhira kwa wamng'ono? Talakwanso posankha atsogoleri a ophunzira poyang'ana magiredi ndi kulankhula bwino pagulu. Ndipo oyang'anira malo ogona sanaone kanthu kwa sabata zonsezo, zimene ndakambirana nawo mosabisa.

Tagwirizana kusintha izi kuyambira teremu ikubwerayi. Kusesa ndi kukolopa sikudzakhalanso chilango. Kudzakhala ntchito ya aliyense mosinthana, kuyambira Fomu 1 mpaka Fomu 4, ndipo atsogoleri a ophunzira ndiwo adzayambe sabata yoyamba ndi zimbudzi. Aphunzitsi, kuphatikizapo ine, tidzapita nawo ku utumiki wa Loweruka m'malo mongowatumiza. Utumikiwo ndi wa maola awiri okha, ndipo sukhudza nthawi yowerenga. Makalata opempha kuti mwana asapite sindiwavomera, pokhapokha pali chifukwa cha matenda. Koma sindikufuna kukuyankhani ndi pepala. Amene munalemba, bwerani tidzakambirane, ndipo ngati mungathe bwerani Loweruka mudzapite nafe. Mtsikana wina wa Fomu 2 amene ankapita monyinyirika, pano ndiye amakumbutsa anzake kuti agogo ena osaona bwino akudikira kuti akawawerengere Masalimo. Ndikanakonda mukanamumva yekha.

Pa tchuthi pano ndikukupemphani zinthu zochepa. Mukhale pansi ndi mwana wanu, mumufunse kuti kusukulu zovala zake amachapa ndani, ndipo iye amachapa za yani. Funsani modekha, chifukwa ang'onoang'onowa anaopsezedwa kuti asanene. Akakuuzani kanthu, ndiimbireni, dzina lake silituluka. Ngati pakhomo pali wothandiza ntchito, muonetsetse mmene mwana wanu amamulankhulira, pakuti zimene timaziona kuno zimayambira kumeneko. Mumulole achape zake, asamalire wodwala, aperekeze wokalamba. M'mera mpoyamba, ndipo ife tokha sitingathe ngati kunyumba akumva zosiyana. Kwa makolo a mnyamata amene anadwala uja, ndinapepesa pamaso ndipo ndikupepesanso pano. Munatisiyira mwana, ife sitinamuyang'anire mokwanira.

Zabwino nazonso zinalipo, ndipo sindikufuna zikwiririke:

Kwaya yathu inaimba bwino pa msonkhano wa sukulu za mpingo, ndipo tikuthokoza aphunzitsi amene ankatsala nayo madzulo.
Timu ya mpira wa atsikana inafika mu ndime yomaliza ya mpikisano wa sukulu zoyandikana.
Zotsatira za masamu ndi sayansi mu Fomu 2 zakwera poyerekeza ndi teremu yatha.
Laibulale yalandira mabuku atsopano kuchokera kwa ophunzira athu akale.
Denga la chipinda choyeserera za sayansi lakonzedwa, ndi thandizo la komiti ya makolo ndi aphunzitsi.

Za fizi: ena simunamalizebe ya teremu ino, ndipo ndalama yotsala yalembedwa kumapeto kwa lipoti. Chonde malizani sukulu isanatsegulidwe. Ngati zavuta, bwerani tidzagwirizane kalipiridwe, kusiyana n'kungokhala chete mpaka mwana abwezedwe pageti. Ndikuthokoza makolo awiri amene, osafuna kutchulidwa, alipirira ana omwe si awo.

Tsiku lotsegulira sukulu ndi la msonkhano wa makolo alembedwa palipoti. Ogonera pasukulu afike dzulo lake dzuwa lisanalowe, ndi yunifolomu yokwanira, chovala chilichonse chitalembedwa dzina pakolala. Mafoni saloledwa. Pamsonkhanowo nkhani ya malo ogona idzakhala yoyamba, ndiye chonde mudzabwere nokha, musadzatume mwana wamkulu.

Ambuye akusungeni pa tchuthi chonse.

Ine wanu mu utumiki,
Mphunzitsi wamkulu