Khutu lotuluka mafinya likufunika kuliona mkati

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo za sikani ya CT ya m'khutu, kujambula mkati mwa khutu ndi makina a X-ray oyendetsedwa ndi kompyuta, chifukwa anthufe khutu likamatuluka mafinya zaka ndi zaka timangothira timankhwala basi n'kumati lipola lokha. Koma mkatimo muli timafupa titatu tating'ono zedi, kamodzi kotchedwa stapes n'kotalika pafupifupi mamilimita 3 okha, ndiye X-ray wamba sangationetse bwino ayi. Makina a CT, amene anapanga injiniya wa ku England Godfrey Hounsfield, omwe anajambula wodwala woyamba mu 1971, amajambula fupa la kukhutu m'tizigawo topyapyala tosakwana milimita imodzi, moti adokotala amaona ngati chotupa cha m'khutu chomwe amati cholesteatoma, chimene chimatha kubweretsa mafinyawo, chayamba kudya timafupato, ngakhale kachiwalo ka mkati mwa khutu konga nkhono, kotithandiza kumva, kamaonekanso. Inde makinawa amatulutsa cheza, sojambulitsa chisawawa, koma opaleshoni ya m'khutu popanda chithunzichi ine ndingaope ndithu.

Wowerenga wanu