Corn snake ipatseni mbewa, makoswe asiyireni nsato

Akonzi,

Ndikulemba kuchokera ku Leicester, ku England, pa nkhani yomwe abale kumudzi angati ndapenga nayo: chakudya cha njoka yoweta. Ana athu obadwira kuno sakupemphanso galu kapena mphaka, akupempha njoka, ndipo yomwe makolo ambiri amagonjera kugula ndi yotchedwa corn snake. Mwana wanga wamkazi ali nayo yake, koma amene amatsegula firiji n'kusungunula chakudya chake ndine. Amayi anzanga kumpingo atadziwa zimenezi, ena anayamba kundizemba, ena n'kumandifunsa monong'ona funso limodzimodzi: tiipatse mbewa kapena makoswe? Ine ndikuti mbewa, kuyambira ili kamwana mpaka itakalamba, ndipo ndiloleni ndifotokoze chifukwa chake.

Njokayi kwawo ndi kummwera chakummawa kwa dziko la America, madera ngati Florida, Georgia ndi Carolina. Ilibe ululu, nyama imaipha poikulunga ndi kuifinya. Ikakula imatalika kupyola mita imodzi, zambiri zimalekezera cha m'ma mita imodzi ndi theka, koma thupi lake ndi lowonda ndipo kamutu n'kakang'ono. Kutchire ikadali yaing'ono imagwira abuluzi ndi timachule ta m'mitengo, ikakula imasaka mbewa, timbalame ndi mazira. Ikasamalidwa bwino m'nyumba imakhala zaka 15 mpaka 20, mwina kupyola apo. Ndiye kholo likamagulira mwana wa zaka 10 njoka imeneyi lidziwe kuti mwanayo adzapita ku yunivesite njoka ikadalipo, ndipo wotsala nayo ndi ndani ngati si mayi?

Kuno mbewa zimagulitsidwa zouma gwaa ndi chisanu, zoikidwa m'magulu malinga ndi msinkhu. Pali ma pinkie, tiana tongobadwa kumene topanda ubweya, tolemera galamu imodzi kapena awiri. Pali ma fluff, zomwe zayamba kumera ubweya. Kenako zazing'ono, zapakati, zazikulu za magalamu 20 mpaka 30, ndi ma jumbo, omwe nthawi zambiri amakhala mbewa zokalamba zomwe zaleka kuswa. Kanjoka kongoswedwa kumene kamalemera magalamu osafika 10 ndipo kamayamba ndi pinkie mmodzi pa masiku 5 kapena 7 aliwonse. Ikamakula mumakweza msinkhu wa mbewa n'kumatalikitsa masiku, mpaka yaikulu izidya mbewa imodzi yaikulu pa masiku 10 mpaka 14. Muyeso wake ndi wa maso: chakudya chisanenepe kupyola kamodzi ndi theka pomwe njoka yanenepa kwambiri. Ikameza pazioneka kachotupa pang'ono pamimba, kozimirira pakatha tsiku limodzi kapena awiri. Makwerero a mbewawa amathera ndendende pomwe corn snake imalekezera kukula. Palibe msinkhu womwe imafika woti mbewa yaikulu yaichepera.

Nanga makoswe amalowa bwanji? Amalowa ndi anthu oweta nsato. Nsato yaing'ono yotchedwa royal python ndi njoka za mtundu wa boa zili ndi matupi ojintcha, zikakula mbewa imodzi siizikwanira, ndiye eni ake amaziphunzitsa makoswe msanga kuti asadzavutike nazo. Kwa iwo ndi nzeru. Vuto limabwera langizo lomwelo akamalipereka kwa mwana yemwe ali ndi corn snake, n'kumuuza kuti khoswe ali ndi nyama yambiri ndipo njoka ikula msanga. Kukula msanga kuti ipite kuti? Si nkhuku ya broiler yoti tikagulitse pa Khirisimasi.

Mfundo yomwe ambiri saiganizira ndi ya msinkhu wa nyamayo. Khoswe wamkulu amalemera magalamu mazanamazana, corn snake singamumeze. Ndiye khoswe yemwe angalowe m'kamwa mwake ndi khanda, loyamwa kapena longoleka kuyamwa kumene, la masabata atatu kapena kucheperapo. Ikani pa sikelo khanda la khoswe la magalamu 30 ndi mbewa yaikulu ya magalamu 30. Kulemera n'kofanana, koma mbewayo ndi nyama yokhwima, mafupa ake analimba, ubweya ndi wokwanira, pomwe kakhosweko mafupa akadali anthete ndipo thupi ladzaza mafuta a mkaka. Njoka imameza nyama yonse ndi mafupa omwe, ndipo m'mafupamo ndi momwe imapezera calcium, mchere wolimbitsa mafupa. N'chifukwa chakenso oweta odziwa amafulumira kuchotsa kanjoka pa ma pinkie kakangotha kumeza zaubweya. Kuipatsa makanda a makoswe moyo wake wonse ndi kuibwezera dala pa chakudya chosakhwima.

Chomwe chimapha njoka zoweta mwakachetechete ndi kunenepa. Corn snake siikana chakudya kawirikawiri, mukaipatsa imalandira ngakhale idadya dzana, ndipo mwana amasangalala kuona ikumeza. Koma njoka ya m'bokosi siyenda mitunda kusaka ngati ya kutchire. Mafuta amaunjikana m'mimba ndi m'chiwindi. Mudzaiona mamba akutalikirana khungu n'kumaonekera pakati ngakhale isanadye, pafupi ndi mchira patatupa mwadzidzidzi, msana utalowa pakati pa minofu iwiri. Ndinaionapo yotere kunyumba kwa mnzanga wina, yoleredwa ndi makoswe sabata ndi sabata. Eni ake ankainyadira kuti ili ndi thanzi, koma inkalephera ngakhale kukwera nthambi yomwe anaiikira. Kuwondetsa njoka kumatenga miyezi yambiri, ndipo dokotala wa ziweto wodziwa zokwawa kuno sapezeka pa msewu uliwonse, akapezeka ndalama yake si yamasewera. Ma jumbo nawonso ndi amafuta, musamawapereke nthawi zonse poganiza kuti poti ndi mbewa palibe vuto.

Sindikunena kuti khoswe ndi poizoni. Njoka yaikazi yomwe yangoikira mazira imakhala itatheratu, ndipo kakhoswe kamodzi kapena tiwiri tingaithandize kubwerera m'thupi. Kusinthako chakudya mwa apo ndi apo n'kwabwino, kaya ndi kamwanapiye ka tsiku limodzi kapena kazinziri. Amagulitsanso zomwe amazitcha ma multi, mbewa za ku Africa za mawere ambiri, mtundu womwewo womwe umadzaza m'minda kwathu tikakolola. Ndinaseka nditaona mtengo wake kuno, nditakumbukira anyamata ogulitsa mbewa zapandodo m'mbali mwa msewu wa M1 ku Malawi. Koma samalani, njoka zina zikalawa chinthu chatsopano zimayamba kukana mbewa wamba, ndipo mumapezeka mukuyendera sitolo imodzi yokha yomwe ili ndi chomwe yazolowera.

Kaya ndi mbewa kaya khoswe, ikhale yakufa ndiponso yogula kwa oweta. Yamoyo imaluma, ndipo khoswe ndiye woopsa kwambiri, atha kung'amba diso la njoka kapena kuidya msana ikakhala kuti ilibe njala. Lamulo la kuno la Animal Welfare Act la 2006 limaletsa kuzunza nyama popanda chifukwa, ndipo kuponya mbewa yamoyo kwa njoka yomwe imalandira yakufa kungakupezetseni mlandu. Yogwidwa pa msampha kuseri kwa nyumba musayese n'komwe. Itha kukhala ndi nyongolotsi, ndipo mwina idadya mankhwala a makoswe kwa aneba dzulo lake.

Pomaliza, zaukhondo, chifukwa apa ndi pomwe pamakhudza ana athu. Kumapeto kwa 2021 bungwe la boma loona za chitetezo cha zakudya kuno, la Food Standards Agency, linachenjeza oweta zokwawa kuti anthu ambiri, kuphatikizapo ana, anadwala matenda otsegula m'mimba a salmonella kuchokera ku mbewa zoumitsidwa ndi chisanu zomwe zinkachokera ku dziko la Lithuania. Chisanu sichipha tizilombo timeneti. Mbewa zikhale m'chidebe chakechake chotseka bwino, kutali ndi nyama ndi chambo chanu chomwe munachipeza movutikira. Sungunulani ili m'kajumbo kotseka, kenako muviike m'madzi ofunda kuti itenthere mpaka m'kati, chifukwa ikakhala yozizira pakati njoka imasanza. Mu microwave musaikemo, imapsa mbali imodzi mwinanso kuphulika. Perekani ndi chopanira, osati ndi zala, sambani m'manja ndi sopo, ndipo mwana asainyamule njokayo mpaka patatha masiku awiri. Mbali yofunda ya bokosi ikhale cha m'ma digiri 28 mpaka 30 Celsius, apo ayi chakudya chimawolera m'mimba. Ikasanza musathamangire kuipatsa china, idikireni masabata awiri ndipo muyambirenso ndi mbewa yocheperapo.

Ndine wowerenga wanu,
Mayi wa ku Leicester