Lipoti la nthumwi: anthu ovuta m'nkhani zakale za ku Iceland

A Wapampando ndi mamembala nonse,

Munatituma kukamva zokambirana za anthu ovuta m'nkhani za ku Iceland zotchedwa saga, zomwe zambiri zinalembedwa m'zaka za m'ma 1200 ndi 1300. Chachikulu chomwe tatolako n'chakuti m'nkhanizi munthu sapirikitsidwa chifukwa cha nkhanza zokha ayi, koma akasowa omuikira kumbuyo.

Dzikolo linalibe mfumu mpaka 1262, apolisinso kunalibe. Milandu ikuluikulu inkazengedwa pabwalo la Althing ku Þingvellir. M'malamulo akale a dzikolo otchedwa Grágás, chilango chocheperapo, fjörbaugsgarðr, chinali kuchoka m'dziko zaka zitatu. Chachikulu, skóggangr, chinkamulanditsa munthu katundu yense. Kumupatsa chakudya, kumuolotsa pabwato kapena kumubisa unali mlandu, ndipo aliyense akanatha kumupha osalipa kanthu. Povuta panali apa: wopambana mlandu ankayenera kukwaniritsa yekha chigamulocho ndi anthu ake.

Taonani Hrafnkell. Nkhani yake imamutcha ójafnaðarmaðr, wopondereza anzake, amene ankapha osapereka chipukuta misozi. Anapha mbusa wake Einarr chifukwa chokwera hatchi yoletsedwa, Freyfaxi. Sámr, wachibale wa Einarr, anamugonjetsa pamlandu n'kumulanda malo, koma patangotha zaka zisanu ndi chimodzi Hrafnkell anabwerera pampando wake wa utsogoleri, popeza anali atasonkhanitsanso chuma ndi omutsatira.

Grettir ndiye anatenga nthawi yaitali pazokambirana. Iye amatchedwa ódæll, wosamva za munthu. Ali mwana, bambo ake atamuuza kuti awakande kumsana pamoto, anawapala ndi chipeso chopesera ubweya wa nkhosa. Komabe chomwe chinamuthamangitsa si mwano wakewo. Anamuweruza iye kulibe, pa mlandu wa moto womwe unapha anthu ku Norway, moto woti sanauyatse dala. Anakhala mobisala pafupifupi zaka 20 mpaka anaphedwa pachilumba cha Drangey, mng'ono wake Illugi ali pambali pake. Chomvetsa chisoni n'chakuti mzukwa Glámr unamutemberera kuti aziopa mdima. Chimphona chotere chinkalephera kugona chokha, pamene lamulo linkaletsa aliyense kuchisunga m'nyumba.

Tinachenjezedwanso kuti tisamawerenge Grágás ngati kuti zonse zinkachitika mmene zinalembedwera, chifukwa m'nkhanizi milandu yambiri imathera pa kugwirizana malipiro.

Tikupempha kuti mwezi wamawa tiyambe ndi nkhani ya Hrafnkell, poti ndi yaifupi, ndipo aliyense alembe mayina a omwe anaima kumbali ya Sámr pabwalo.